Bwinja la Ballarò Lafukanso Utsi

Amene anakulira kumudzi amalidziwa bwinja. Zipupa zili chilili koma denga linagwa kalekale, pamene panali mafuwa pamera chisoso, njira ya kuchitsime yatsekeka ndi udzu. Mukanaona dera la Albergheria, pakatikati pa mzinda wa Palermo pa chilumba cha Sicily ku Italy, m'zaka za m'ma 1980, mukanalitchula dzina lomwelo, kungoti bwinja ili linali la nyumba zosanja zamiyala, zina mwa izo za anthu olemera a makedzana. Tsono pitani pamalo omwewo lero nthawi ya kadzutsa, mukaone ngati mukapeze poponda! Utsi uli tolotolo, ngolo za katundu zili piringupiringu, ana a sukulu akuzembazemba pakati pa mabenchi a nsomba, ndipo m'khwalala limodzi lokha mumva ziyankhulo zoposa zala za dzanja lanu. Ndikamaifotokoza nkhani ya malo amenewa mtima wanga umachita kudumpha, chifukwa si kawirikawiri munthu kuona mudzi wakufa ukudzuka, n'kudzuka ndi mphamvu zotere.

Koma kuti chimwemwechi chimveke, tiyambe taona mmene mudziwo unafera.

Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndege za America ndi Britain zinagwetsa mabomba pa Palermo mobwerezabwereza, ndipo tsiku limene okalamba saliiwala ndi la 9 Meyi. Nkhondo itatha, mizinda yambiri ya ku Ulaya inasesa zigumukire n'kumanganso. Ku Palermo ndalama zinalowera kwina. Kunja kwa mzinda wakale kunali chigwa cha minda ya malalanje ndi mandimu chotchedwa Conca d'Oro, ndipo kumeneko n'kumene andale ena ndi gulu la mafia, la Cosa Nostra, ananunkhiza phindu. Salvo Lima ali meya, Vito Ciancimino akuyang'anira zomangamanga, zilolezo zomangira zinatuluka zikwizikwi, zambiri mwa izo m'maina a anthu owerengeka amene ankangobwereketsa maina awo. Mitengo ya zipatso inagwetsedwa, m'malo mwake munamera midadada ya simenti. Eni mzinda mpaka lero nyengo imeneyo amaitcha sacco di Palermo, kutanthauza kufunkhidwa kwa Palermo. Chivomezi cha ku Belice cha mu Januwale 1968 chinang'ambanso zipupa zomwe zinali zofooka kale, mabanja ambiri n'kumanga katundu, ulendo ku nyumba zatsopano zakunja zija. Mzinda wakale, umene nkhondo itangotha munali anthu oposa 100,000, unatsala ndi anthu osakwana 30,000.

Otsalawo ambiri anali osauka ndi okalamba. Nyumba zina zinkaima chifukwa chochirikizidwa ndi mitengo, pa makonde a m'mwamba panamera zitsamba, ndipo malo amene bomba linagwa mu 1943 anakhala dzala la zinyalala kwa zaka makumi anayi. Dzuwa likangolowa, makwalala ankangoti zii. Msika wa Ballarò, umene ndi msana wa dera lonseli, unkapumabe koma mwawefuwefu: ogula anali atasamuka, masitolo akuluakulu anali kukopa otsalawo, ndipo mwana wa wogulitsa nsomba sankafunanso benchi la bambo ake. Zitseko zachitsulo za maokala zinkatsekedwa chimodzichimodzi, n'kuchita dzimbiri zili chitsekere.

Pamwamba pa umphawi panali mantha. Wamalonda aliyense ankadziwa mawu akuti pizzo, ndalama imene anyamata a mafia ankatolera, makamaka pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, ati yotetezera malonda ako. Kukuteteza kwa ndani? Kwa iwo omwe. Wokana ankapeza loko wa sitolo atathiridwa guluu, kenaka moto. Libero Grassi, mwini fakitale ya zovala, analemba kalata m'nyuzipepala ya Giornale di Sicilia mu Januwale 1991 kunena poyera kuti salipira. Pa 29 Ogasiti chaka chomwecho anamuwombera pafupi ndi nyumba yake. Chaka chotsatira mabomba anapha oweruza awiri olimba mtima, Giovanni Falcone pa 23 Meyi ndi Paolo Borsellino pa 19 Julayi. Umo ndi mmene dziko linkaudziwira mzinda wa Palermo: maliro, asilikali m'misewu, ndi anthu oyankhula monong'ona.

M'nyengo yomweyo, mwakachetechete, m'mabwinja muja munayamba kuyaka nyali.

Oyamba anali ochokera kutsidya kwa nyanja, ku Tunisia ndi ku Morocco, pamodzi ndi amayi a ku Mauritius, ku Cape Verde ndi ku Philippines amene ankagwira ntchito zapakhomo m'nyumba za olemera. Kenaka kunafika Atamil othawa nkhondo imene inabuka ku Sri Lanka mu 1983, kunafika a ku Ghana, a ku Côte d'Ivoire ndi a ku Nigeria, kunafika a ku Bangladesh ambirimbiri, ndipo m'zaka zaposachedwa anyamata a ku Gambia, ku Senegal ndi ku Mali amene anawoloka nyanja ya Mediterranean pa mabwato. Anthuwa sanasankhe Albergheria chifukwa cha kukongola. Anasankha chifukwa lendi inali yotsika, ndipo mwini nyumba yothonya sankafunsa mafunso ambiri. Koma munthu akalowa m'nyumba yothonya amatani? Amakwera padenga kukamata. Amasesa pakhomo. Amayanika zovala pakhonde, amakoleza moto, ndipo fungo la anyezi wokazinga limatsikira mumsewu. Gogo amene anakhala yekha pa chipinda chapansi kwa zaka khumi anayambanso kumva mapazi a ana pa masitepe. Ansembe a chipani cha Salesian pa Santa Chiara anatsegula bwalo lawo kuti ana a alendowa azisewera ndi kusungidwa makolo ali kuntchito, ndipo magulu a mitundu yosiyanasiyana anapeza pochitira misonkhano, maukwati ndi mapemphero. Mbali ina ya mzinda wakale, tchalitchi chakale cha San Paolino chinasanduka mzikiti mu 1990. Pafupi ndi siteshoni ya sitima, Biagio Conte, mwana wa m'banja lopeza bwino amene anasiya zonse, anayambitsa Missione di Speranza e Carità, kumene osowa pogona, eni dziko ndi alendo omwe, ankadya m'mbale imodzi.

Chimene chimandikondweretsa koposa ndi chimene chinachitikira msika. Zitseko zadzimbiri zija zinayamba kukwezedwa, ngwee, ngwee, chimodzichimodzi monga momwe zinatsekedwera. Apa okala ya mpunga ndi zokometsera ndiwo, apo telala wosoka nsalu zamawangamawanga, uko wometa, uko kotumizira ndalama kumudzi. Pa mabenchi, pambali pa mabiringanya, azitona ndi nsomba zikuluzikulu zamlomo wonga lupanga zimene a ku Sicily amanyadira, panafika therere, chinangwa, zilazi, nthochi zophika, tsabola woyabwa zedi ndi nsomba zouma. Ogulitsa achikulire a ku Palermo, amene makolo awo sanaonepo therere, anaona kuti ogula atsopanowa amaphika tsiku ndi tsiku, amagula zambiri chifukwa mabanja ndi aakulu, ndipo amadziwa kunenerera mtengo. Basi nawonso anayamba kuoda therere lomwelo! Msika umene unkafa ndi njala ya makasitomala unapeza pakamwa pambiri podyetsa.

Ku Ballarò malonda satsatsa ndi chikwangwani. Amatsatsa ndi mmero. Kufuula kwake kuli ndi dzina, abbanniata, ndipo ndi luso lenileni: wogulitsa amakoka mawu ngati akuyimba, kutamanda tomato wake, kuseka mnzake wa benchi loyandikana, kuitana mayi wodutsa. Lero mukatchera khutu mupeza kuti ena mwa ofuula mokoma m'chiyankhulo cha ku Sicily anabadwira ku Dhaka kapena ku Kumasi. Ndipo zakudya zinapezana ngati abale otayana. Panelle, timitanda tokazinga ta ufa wa tchana timene a ku Palermo amaika m'buledi, kwa munthu wa ku Bangladesh si chinthu chachilendo, popeza kwawonso ufa womwewo amakazingira. Stigghiola, matumbo a nkhosa kapena a mbuzi okulungidwa n'kuwotchedwa pamakala, ndi amene amatulutsa utsi wochuluka uja, ndipo palibe munthu wa ku Africa amene amafunika kumufotokozera ubwino wake. Pali buledi wa kapamba wa ng'ombe, pani ca meusa, pali arancina, mpira wa mpunga wokazinga, ndipo masitepe ochepa kuchokera pamenepo pali mphika wa fufu ndi wa biryani.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndimaikonda kuposa zonse, ya chaka cha 2016.

Kale mu 2004, achinyamata ena a ku Palermo anadzuka usiku n'kumata timapepala m'misewu yonse ya pakati pa mzinda, tonena kuti mtundu wonse wolipira pizzo ndi mtundu wopanda ulemu. Mmenemo ndi mmene munabadwira bungwe la Addiopizzo, lothandiza amalonda okana kulipira. Ntchito yawo inayenda, koma m'misika yakale ngati Ballarò pakamwa pa anthu panali potsekabe. Alendo atatsegula maokala awo mu msewu wa Via Maqueda ndi m'makwalala ozungulira msika, achifwamba a m'deralo anaona ngati apeza nkhuku zomanga miyendo. Ankalowa m'sitolo, kutenga katundu osalipira, kutsegula kabati ya ndalama, kuopseza ndi mfuti ana akuona. Ankadziwa kuti munthu amene chikalata chake chokhalira m'dziko chimatha chaka ndi chaka amaopa ngakhale kudutsa pakhomo pa polisi.

Mu Epulo 2016, mnyamata wina wa ku Gambia, wophunzira, anakana kuchitidwa chipongwe ndi gulu la m'deralo. Mmodzi wa iwo anakatenga mfuti n'kumuwombera m'mutu pakati pa msewu. Mwa chisomo mnyamatayo sanafe; anagona m'chipatala, anatsitsimuka, anachira. Wowomberayo anagwidwa. Ndipo m'malo moti mantha akule, kunachitika chimene achifwamba sanachiyembekezere. Gulu la amalonda, ambiri mwa iwo a ku Bangladesh, linagwirizana kuti zakwana. Mothandizidwa ndi Addiopizzo anapita kupolisi limodzi, osati mmodzimmodzi, nakanena zonse, maina ndi masiku omwe. Mu Meyi chaka chomwecho apolisi anagwira anthu khumi. Mlandu unafika kukhoti, amalondawo anaima n'kuchitira umboni, ndipo angapo mwa ogwidwawo anapezeka olakwa, khoti likuvomereza kuti anachita zimenezi mwa njira za mafia ndiponso mwa tsankho la mtundu.

Taganizani! M'dera limene mibadwo ndi mibadwo inaphunzitsidwa kuti waona, sunaone, wamva, sunamve, amene anatsegula pakamwa pamodzi anali anthu oyankhula Chitaliyana chothyokathyoka, opanda wachibale ku boma, opanda voti. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ku Ballarò kalumoko kanadula chingwe chimene eni mudzi ambiri anali atazolowera kuyenda nacho m'khosi. Sindikunena kuti mafia inatha, ilipo. Koma mwana wa ku Palermo amene anaona mnansi wake wogulitsa mpunga akubwerera kuchokera kukhoti n'kutsegulanso sitolo m'mawa mwake anaphunzira kanthu kamene sukulu sikanamuphunzitsa.

Eni mudzi nawo sanangopenyerera. Anthu a m'deralo, akale ndi atsopano, anachotsa zinyalala pa bwalo lina lomwe linali dzala, anabzalapo maluwa, anaikapo mipando yopangidwa ndi matabwa otayidwa, nalitcha Piazza Mediterraneo. Mu 2015 amalonda, ansembe, aphunzitsi ndi achinyamata anayambitsa msonkhano wa mudzi wotchedwa SOS Ballarò, ndipo kuchokera mu 2016 amachititsa chikondwerero cha Ballarò Buskers, pamene oyimba, ovina ndi ochita masewera odabwitsa amadzaza makwalala omwe aja ankati zii. Mu 2014 kunatsegulidwa Moltivolti, dzina lotanthauza nkhope zambiri, lesitilanti yomwenso ndi malo ogwiriramo ntchito mabungwe ang'onoang'ono. Oyambitsa ake anali ochokera m'maiko asanu ndi atatu, ndipo pa mndandandawo, pambali pa Senegal, Afghanistan, Bangladesh ndi Italy, palinso Zambia. Pakhoma pali mapu aakulu a dziko lonse, pamene alendo amamanga ulusi kuchokera kumene anabadwira kufika kumene akufuna kukafika, mpaka mapuwo anachita kukutidwa ngati ukonde. Mu Januwale 2022 moto unawononga malowo. Anthu a m'mudzi ndi akutali anasonkha ndalama, anagwira ntchito ndi manja awo, ndipo chaka chisanathe miphika inali itabwerera pamoto.

Boma la mzinda linathandizapo. Leoluca Orlando, amene anakhala meya nthawi zingapo kuyambira mu 1985 mpaka mu 2022, ankanena mosabisa kuti aliyense wokhala mu Palermo ndi mwana wa Palermo. Mu 2013 mzindawo unakhazikitsa Consulta delle Culture, khonsolo yosankhidwa ndi nzika zochokera kunja kuti mawu awo azimveka ku holo ya mzinda, ndipo mu 2015 unatulutsa chikalata cha Carta di Palermo, chonena kuti kusamuka ndi ufulu wa munthu aliyense. Via Maqueda, umene unali msewu wa utsi wa magalimoto ndi mahutala, unatsekedwa kuti muziyenda anthu apansi. Chaka chomwecho cha 2015 bungwe la UNESCO linaika nyumba zakale za Palermo za kamangidwe ka Aarabu ndi Anormani pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo mu 2018 mzindawo unali likulu la chikhalidwe la Italy.

Apa pali chinthu chokoma: alendowa sanabweretse Palermo watsopano, anadzutsa wakale. Aarabu analanda mzindawu mu 831, ndipo woyenda maulendo Ibn Hawqal, amene anafikako m'zaka za m'ma 970, analemba za misika yake yodzaza ndi mizikiti yake yochuluka. Anormani ataulanda mu 1072 sanathamangitse aliyense nthawi yomweyo. Mfumu Roger II inasunga katswiri wa mapu al-Idrisi, amene anamaliza ntchito yake yotchuka mu 1154. Ku nyumba yachifumu ya Zisa kuli mwala wa pamanda wa zaka za m'ma 1100 wolembedwa m'zilembo zinayi: za Chilatini, Chigiriki, Chiarabu ndi Chiheberi. Choncho gogo wa ku Ballarò akamagula tsabola kwa mnyamata wa ku Tunisia, akungobwereza zimene makolo ake ankachita pamalo omwewo zaka chikwi zapitazo.

Ngakhale oyera a mzindawu alandira alendo. Nkhoswe yaikulu ya Palermo ndi Santa Rosalia, amene anthu amakhulupirira kuti anathetsa mliri wa 1624 mafupa ake atapezeka m'phanga pa phiri la Monte Pellegrino. Usiku wa pa 3 Seputembala anthu amakwera phirilo wapansi, ena opanda nsapato, ndipo pakati pawo pamakhala Atamil ambiri, Akatolika ndi Ahindu omwe, amayi atavala masari awo owala, atanyamula makandulo. Anapeza phiri lopatulika m'dziko lachilendo, nalikonda. Nkhoswe ina ndi San Benedetto il Moro, mwana wa akapolo ochokera ku Africa, wobadwira ku San Fratello pa chilumba chomwechi. Anali wophika m'nyumba ya amonke a Santa Maria di Gesù, wosadziwa kulemba, koma anzake anamusankha kukhala mkulu wawo. Anamwalira mu 1589 ndipo analengezedwa kukhala woyera mu 1807. Kwa zaka zambiri anali ngati waiwalika. Mu 2018 wojambula Igor Scalisi Palminteri anamujambula pa chipupa chachitali ku Ballarò, nkhope yakuda bii pa mtundu wagolide, akuyang'ana pa kabwalo ka mpira.

Misozi ilipo, ndipo sindingaibise. Ambiri amene akanakhala pa msikawu lero anatsalira m'nyanja. Pa 3 Okutobala 2013 pokha, pafupi ndi chilumba cha Lampedusa, anthu 368 anamira. Amene anafika amataya masiku pa mizere ya zikalata, ena amagwira ntchito m'minda pa malipiro ochititsa manyazi, ndipo mwana wobadwira ku Italy kwa makolo akunja amadikira mpaka zaka 18 kuti apemphe unzika wa dziko lokhalo limene amalidziwa. Mankhwala ozunguza bongo avulaza achinyamata ambiri m'makwalala ena a Albergheria, ndipo pamene alendo odzaona malo achuluka, lendi yayamba kukwera, moti amene anamata madenga aja akhoza kukankhidwira kunja. Zimenezi zimandipweteka. Koma ndaonanso kuti amene akulimbana nazo tsopano ndi mudzi wamoyo, wokhala ndi misonkhano, amayi olusa ndi achinyamata odziwa kulemba madandaulo, osati nkhalamba zochepa zotsekera zitseko dzuwa likamalowa.

Madzulo, mabenchi akamapindidwa ndipo madzi otsukira nsomba akuyenderera pa miyala ya mumsewu, denga lozungulira la tchalitchi cha Carmine Maggiore limanyezimira ndi matailosi ake obiriwira ndi achikasu. Pa kabwalo kaja, pansi pa chithunzi cha Benedetto wophika, mpira wayamba. Pagolo pali mwana wa makolo a ku Ghana, kutsogolo kuli mdzukulu wa wogulitsa nsomba, kumbali kukuthamanga kamtsikana ka ku Bangladesh kamene palibe akukapeza. Onse akukalipirana m'chiyankhulo chimodzi, cha mumsika, chija cha abbanniata. Pakhonde lina la m'mwamba, pamene kale panamera chitsamba, mayi watulukira ndi chikombe m'manja, akuitana mwana wake m'chiyankhulo cha kwawo kuti chakudya chapsa. Mwanayo, osacheuka n'komwe, akukweza dzanja kupempha mphindi zisanu, kenaka akufuulira anzake kuti “Amunì!”, tiyeni, ndipo mpira ukubwerera pakati.